Mimba ya Ubwana

Achimwene anga anali telala pakhonde la sitolo ina ku Ndirande. Anali owonda chibadwire, moti thalauza ankachita kudzisokera okha chifukwa za pakaunjika zonse zinkawakulira. Ndiye chaka chimene mimba yawo inayamba kutuluka, msika wonse unasangalala. Anzawo apakhondepo ankati ubwana wafika, galimoto ikubwera m'mbuyo. Alamu anga, akazi awo, ankayamikiridwa kumpopi kuti tsopano adziwa kusamala mwamuna. Inenso ndinkaseka nawo, n'kumawafunsa chimene akudya mobisa. Tonse maso anali pamimba, palibe anaona kuti mikono ikutha ndipo kolala ya malaya yayamba kulendewera.

Anayamba kudandaula kulemera kumanja, pansi pa nthiti. Ankati ndi kukhalitsa pa makina. Maso atayamba chikasu m'pamene tinawakakamiza kupita kuchipatala chachikulu, komwe anawatenga magazi ndi kuwajambula m'mimba. Tsiku la zotsatira, adokotala anaitana ife apambali: ine, alamu, ndi amalume athu, amene ndi mwinimbumba.

Anatiuza mosazungulira. Mimba ija anali madzi. Chiwindi chinali ndi khansa, ndipo inali itafalikira mbali zonse. Alamu anatsutsa kuti amuna awo ndi Msilamu, mowa sanaulawepo. Adokotala anati si mowa wokha umene umawononga chiwindi. Pali kachilombo kotupitsa chiwindi kamene munthu amatha kukhala nako kuyambira ali mwana osadziwa, ndipo ifenso abale tikayezetse. Ndinafunsa za opaleshoni. Anati chotupa chikapezeka chikadali chaching'ono, ena amachitidwa opaleshoni n'kukhala zaka, koma matendawa amabisala, ambiri amafika mochedwa ngati ife. Chotsala chinali kupopa madziwo akachuluka ndi mankhwala opha ululu. Za nthawi anati sangalonjeze, koma tiziganiza za miyezi yochepa, osati zaka, ndipo zikhoza kufulumira kuposa apo. Anafuna kuwauza eni ake. Amalume anapempha kuti zimenezo asiyire akubanja.

Tili panja pomwepo, tisanakwere n'komwe minibasi, amalume anagamula. Wodwala sauzidwa zotere, angafe ndi maganizo matenda asanamuphe. Mwini moyo ndi Mulungu, osati dokotala. Tonse tizinena kuti ndi madzi chabe, akawapopa achira.

Bodza limeneli ndikanalisenza mpaka kumapeto kukanapanda mwana wawo. Achimwene anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, amene anapita ku Joni zaka zingapo m'mbuyomo ndipo anali asanabwereko. Ankakondana kwambiri awiriwa. Mnyamatayo akaimba foni, bambo ake ankakhala tsonga, kukonza kukhosi, n'kuyankha ndi mawu amphamvu kuti akupeza bwino. Atanena zobwera, anamukalipira kuti asasiye ntchito chifukwa cha madzi a m'mimba, adzabwere pa Idi iwo atachira, adzawapeza atamusokera mkanjo watsopano. Idi inali kutali. Ndipo kwathu maliro sagonera. Munthu akamwalira m'mawa, madzulo amakhala ataikidwa. Wochokera ku Joni pa basi amangopeza dothi.

Ndinapita kwa amalume kukanena zimenezi. Anandiyankha kuti zikafika povuta mnyamatayo adzauzidwa, ndipo ine ndine wamkazi wopupuluma ngati malemu mayi anga. Ndinabwerera nditapsa mtima, koma ndinamvera. Kumuimbira ndekha mobisa sikukanathandiza, chifukwa akanafunsa bambo ake, ndipo bambo ake akanamuletsa.

Masabata anapita choncho. Kunyumba kunayamba kudzaza alendo. Achibale a ku Bangwe amene sanapondeko chikwatire cha achimwene ankafika ndi nthochi ndi sobo, kukhala pamkeka, aliyense n'kumati, "Mupeza bwino, musadandaule." Akatuluka panja ankapukusa mitu. Mawu amenewo ndinafika podana nawo.

Tsiku lina masana ndinawapeza achimwene ali okha pakhonde la nyumba, atatsamira khoma, nsalu yoyera ya mkanjo uja ili pamiyendo. Anali ataidula kale koma mphamvu zopondera makina zinalibe. Anandiuza kuti ndikhale pafupi.

"Achemwali, adokotala aja anakuuzani chiyani?"

Ndinayamba zija za madzi, koma ndinalekeza panjira. Ndinawauza zonse monga ndinazimvera, mpaka za miyezi yochepa. Ndinkayembekeza kuti agwa kapena alira. Iwo anangoyang'ana nsalu ija.

"Ndimaona alendowa," anatero. "Munthu wa madzi chabe samuyendera chonchi. Koma nonse mumati ndichira, ndiye ndimati mwina wamantha ndine." Kenako anati, "Bweretsani foni."

Amalume atamva anakwiya koopsa. Anati ndawapha achimwene ndi pakamwa panga, ndipo alamu anakhala masiku osandiyankhula. Mnyamata uja anayamba kukonzeka tsiku lomwelo, koma ku Joni sudzuka n'kungonyamuka. Panali zopempha kwa abwana ake, panali za mapepala, panali kudikira basi, kenako ulendo wautali wa m'maboda.

M'masiku amenewo achimwene anasintha. Anayamba kugona usana wonse, akadzuka n'kumayankhula zosagwirizana. Ankafunafuna sizasi pabedi, nthawi zina ankanditcha amayi. Anamwino amene ankabwera kudzawaona anatifotokozera kuti chiwindi chikalephera ntchito, zoipa za m'magazi zimakwera kumutu. Amalume anati ndi maganizo amene ndinawapatsa ine.

Mnyamatayo anafika m'mawa wina, chikwama chili kumsana, fumbi la ulendo lili m'mutu. Anagwada pambali pa bedi n'kugwira dzanja la bambo ake. Achimwene anatsegula maso achikasu aja, kumuyang'ana bwinobwino, n'kumupatsa moni waulemu ngati kasitomala. Anafunsa ngati ndi mlendo wochokera kutali. Mnyamatayo anati wachokera ku Joni.

Nkhope yawo inawala. "Ku Joni? Kuli mwana wanga kumeneko. Mukabwerera mukamuuze abwere msanga, asadikire Idi. Mukamuuze kuti ndinachedwa kudziwa."

Mnyamatayo anayesa kuwauza kuti ndi iyeyo. Anabwereza kangapo, kutchula dzina lake, kutchula la amayi ake. Iwo anangomwetulira, n'kumusisita dzanja, n'kupemphanso kuti asakaiwale uthengawo. Pomaliza mnyamatayo anaweramitsa mutu nati, "Ndikamuuza, bambo."

Achimwene anamwalira patapita masiku ochepa, osamuzindikira. Pamaliro amalume anayamikira Mulungu kuti mwana anawapeza bambo ake ali moyo, anthu n'kuvomereza. Ine ndinali kumbali ya azimayi, ndikuwerenga mumtima masabata aja amene achimwene anali ndi nzeru zawo zonse, akudula nsalu, ife tikuwauza kuti apeza bwino. Nsaluyo mnyamata uja anabwerera nayo ku Joni yosasoka.