Kamakina ka Nthunzi Kamene Kanatsala Pang'ono Kundilanda Besi

Chizindikiro choyamba chinaonekera kukwaya. Ine ndimaimba besi kutchalitchi kwathu ku Croydon, kuno kudziko la azungu, ndipo si kudzitama, anzanga onse mpweya ukawathera ine ndimakhala ndikadakoka mawu otsiriza. Mu Novembala ndinayamba kudukiza pakati pa mzere. Kenaka kunabwera chifuwa chouma, kutentha thupi, ndi befu pokwera masitepe. Mwana wanga Chisomo anali atakonza ukwati wake mu Juni, ndipo ndinali nditamulonjeza pamaso pa azakhali ake onse kuti ndidzamuimbira ndekha.

Ndinazengereza mwezi wathunthu, ndikudalira jinja ndi mandimu. Nditagwa podikira tramu, kasitima koyenda mumsewu, anandigoneka m'chipatala. Anandijambula pachifuwa, ananditenga magazi, anayeza makhololo, koma TB sanaipeze. Nditakhala pa okosijeni ndinapeza bwino ndipo ananditulutsa. Sabata isanathe ndili kunyumba, matenda aja anayambiranso. Zinatero katatu, mpaka anamwino anayamba kundilonjera ngati mnzawo wobwera kuntchito. Kutchalitchi manong'onong'o anayamba akuti nyumba yathu ili ndi kanthu. Mkazi wanga atamva analira, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa chifuwacho.

Ulendo wachitatuwo dokotala anati matenda otha kuchipatala n'kuyambiranso kunyumba anawawerengapo m'zolemba za katswiri wina wapayunivesite, wofufuza mabakiteriya a mumpweya wa m'nyumba ndi mmene chitetezo cha m'thupi chimalimbanirana nawo. Anati madokotala ambiri a mapapo amadalira ntchito yake, ndipo anamuitana kuti adzandione. Ine ndinkayembekeza mzungu wa imvi. Kunabwera mayi wachitsikana, Dr. Tadala, mwana wa aMalawi amene anathawa ndale kalekale. Anandipatsa moni ndi manja awiri, Chichewa chake chikutsimphina.

"Bambo, kunyumba mumapuma chani? Kuli mould, nkhungu ya m'makoma? Muli ndi humidifier?"

Ndinali nako. Hita yotenthetsa m'nyumba imaumitsa kukhosi, choncho ndinagula kamakina kotulutsa nthunzi kuti kateteze mawu anga. Ndinkakaika kumutu kwa bedi, mawindo ali chitsekere, ndipo madzi ndinkangowonjezera osataya akale. Chifuwa chikakula, ine ndimakakwezanso mphamvu.

Mkazi wanga anakabweretsa m'jumbo. Dr. Tadala anapala m'kati mwake n'kukafesa zimene anapalazo m'timbale take ta kulabotale. Patapita masiku anandionetsa chithunzi: timbale tija titadzaza timadontho ngati nkhungu pa buledi. Anandifotokozera kuti nthunzi ija inkanyamula mabakiteriya kulowa nawo m'mapapo, ndipo asilikali a m'thupi langa ankamenya nkhondo tsiku ndi tsiku mpaka mapapowo anatupa. Mkazi wanga anaseka koyamba m'miyezi yonseyo. Anati anthu aja sananame, kanthu kanalidi m'nyumba, koma amene anakagula ndinali ine.

Anandipatsa mapiritsi ophwetsa kutupako ndipo kamakina sikanabwererenso kwathu. Kuchira kunali kwapang'onopang'ono. Mwezi uliwonse ndinkakadikira pamzere kuti ndiuzire m'chipaipi choyezera mapapo, namwino akukuwa kuti ndipitirize, ine maso ali psu. Mu Epulo ndinakwera masitepe osaima. Mu Meyi ndinabwerera kukwaya, ndikukhala kumbuyo ngati mlendo.

Tsiku la ukwati ndinaimirira kuti ndiimbe. Ndinayang'ana Chisomo, ndinakoka mpweya, ndipo unalowa wonse mpaka pansi. Mawu otsiriza ndinawagwira mpaka woimba limba anatembenuka kudzandiyang'ana. Nthungululu zinadzaza tchalitchi, ndipo ine ndinalira osachita manyazi.

Lero ndili bwino, mapiritsi ndinamaliza, ndipo mawindo timatsegula ngakhale kuzizire. Ngati chifuwa chikukana kutha, musataye mwezi ndi jinja ngati ine. Pitani msanga kuchipatala, ndipo mukafotokoze zonse za m'chipinda chimene mumagona, ngakhale kachinthu kamene mukukaona ngati kakukuthandizani.