Belu la kumapeto kwa mzere

Ndikukumbukira zenera la ofesi ya amayi kuposa ofesi yeniyeniyo, chifukwa m'katimo ana sankaloledwa. Linali zenera la kuseri, loyang'ana kumene malole ankatsitsira thonje, ndipo pansi pake panali kakhonde ka simenti kozizira bwino. Ndikaweruka kusukulu ndinkatsika ndi msewu wafumbi, kuzemba anyamata a njinga, n'kukakhala pamenepo mpaka amayi aweruke. Kunyumba ku Kapata kunalibe woti andisiyire. Atate anamwalira ndili wamng'ono, choncho tinkakhala awiriwiri.

Amayi anali otayipa pa kampani ina yogula thonje muno m'Chipata. Tayipi yawo inali yachitsulo, yolemera moti a Mvula, mesenjala wa paofesipo, ankainyamula akubuula. Kwa amene simunaionepo, tayipi inali ndi kabelu m'kati. Mzere ukatsala pang'ono kutha kabeluko kankalira, ndiye wotayipa ankakankha kachitsulo ka kumanzere kuti pepala libwerere poyambira. Tsiku lonse zinali zomwezo: khakhakhakha, ngii, kenako dzanja lamanzere gwee. Amayi sankayang'ana zala zawo. Maso ankakhala pa zolemba za pamanja za abwana, ntchito yotsalayo inali ya makutu. Ankati chilembo chomenyedwa bwino chili ndi kaliridwe kake, ndipo chala chikaterereka umamva usanaone.

Ine panjapo ndinkalemba homuweki pamaondo, timaulusi ta thonje tikumatirira m'masokosi, fungo la dizilo likundilowa m'mphuno. Sindinkafunika kusuzumira. Phokoso lija linkandiuza kuti amayi alimo, ali bwino, ndipo madzulo tipita limodzi. Ndinkadziwanso tsiku limene akwiya, chifukwa belu linkalira pafupipafupi.

Cha pakati pa ma 1990 nkhani ya kuchepetsa antchito inali pakamwa pa aliyense. Mabanja amene tinkapemphera nawo ankapakira katundu pa lole n'kubwerera kumudzi. Kampani ya amayi nayo inasintha eni ake, ndipo kunabwera manijala watsopano wochokera ku Lusaka, a Daka, munthu wa tayi ngakhale kunja kutenthe bwanji. Anabwera ndi kompyuta. Tayipi ija a Mvula anaikweza pamwamba pa kabati, akubuula komaliza. Amayi anauzidwa kuti msika wa thonje ukamafika pachimake akhale atazolowera makina atsopanowo, apo ayi panali mtsikana wina wa satifiketi ku Lusaka amene ankangodikira kuitanidwa.

Amayi anandiuza Loweruka lina tikuchapa, osandiyang'ana.

"Zikakanika, Esinati, udzayamba wakhala kwa amalume ako ku Mtenguleni. Ine ndidzapita kubodala ku Mwami kukayesa malonda a salaula, zovala zogwiritsidwa kale zija."

"Nanga osapita tonse bwanji, amayi?"

"Pabodala si pogona mwana. Finya bwino diresilo."

Amalume sanali munthu woipa ayi. Koma ana anali nawo ambiri, sukulu inali kutali, ndipo ine ndinali ndisanagonepo m'nyumba yopanda amayi. Ndinafinya diresi lija mpaka manja kuwawa.

Kuyambira pamenepo pazenera panga panali zii. Kiyibodi ya kompyutayo inali yopepuka, mabatani ake ofewa ngati ukudina mkate, ndipo panja sipankamveka kanthu. Ndinapeza njerwa yokwerapo kuti ndizisuzumira. Zimene ndinaona sindinazikonde. Amayi anali atawerama, akuyang'ana zala zawo, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita. Ankalemba pang'ono, n'kukweza maso, n'kufufuta, n'kuyambanso. Pobwerera kunyumba ankangoti, "Chinthu chimenechi chili ngati kulankhula ndi munthu wosayankha. Sudziwa ngati wamva."

Vuto lina linali dzanja lamanzere. Kompyuta imatsikira yokha pa mzere wina, koma dzanjalo silinauzidwe. Mzere ukamatha linkanyamuka lokha n'kukankha mphepo. A Mvula ankati akalowa ndi tiyi, "Mayi Tembo, kodi ntchentche za muno zakulakwirani chiyani?" Amayi ankaseka, koma kuseka kwa munthu amene sanagone bwino. Kunyumba ankakhalira dzanjalo pampando, akuyeseza ndi lamanja lokha patebulo. Sizinathandize. Zaka zonse zimene anagwira pa tayipi zinali m'dzanja limenelo, osati m'mutu.

Tsiku la tiyi kunali kozizira, kuzizira kwa mu Juni kotsika m'mapiri. A Mvula anaika kapu kumanzere, poti kumanja kunali mulu wa mapepala. Ine ndili pakhonde ndinangomva kapu kusweka, kenako mpando kukankhidwa, kenako mawu a a Daka, osakweza, amtundu uja umene umaopsa kuposa kukalipa. Tiyi wa amayi ankakhala wa shuga wambiri. Yense anathera mu kiyibodi, ndipo sinadzukenso.

Madzulo ake amayi anandigulira vitumbuwa pamsika popanda ine kupempha, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa china chilichonse. Titafika kunyumba anatsitsa sutikesi pamwamba pa wadiropu, kuipukuta fumbi, n'kuisiya pakona chitsegulire. Sanaikemo kanthu. Lamlungu ku Misa ndinapemphera pemphero limene mpaka lero ndimachita nalo manyazi pang'ono, lakuti magetsi athe m'Chipata monse mpaka kalekale, a Mvula atsitsenso tayipi.

Lolemba kusukulu sindinamve chilichonse. Poweruka ndinayenda pang'onopang'ono, ndipo ndisanakhote pakona ya nyumba yosungiramo thonje ndinamva phokoso. Silinali la tayipi. Linali lopyapyala, lakuthwa, kechekechekeche, ngati mvula yoyamba padenga la malata, ndipo linkathamanga kwambiri. Ndinati basi, mtsikana wa ku Lusaka uja wafika, ndipo ndi makina ake. Pa njerwa sindinakwere. Ndinakhala pansi, chikwama pamiyendo, n'kumaganiza za njira ya ku Mtenguleni ndi mphasa imene ndikagonepo.

Ndakhala choncho, khutu linayamba kugwira kanthu. Phokosolo linkathamanga, kenako n'kuima pang'ono, kanthawi kongokwana kupuma kamodzi, n'kuthamanganso. Kuimako kunkabwera pamalo ake enieni, pamene belu likanalira. Ndinamvetsera mizere ingapo kuti nditsimikize. Mtsikana wophunzira pa kompyuta sakanadikira belu limene kulibe. Ndinakwera pa njerwa. Amayi anali atakhala mowongoka, maso pa zolemba za abwana, osayang'ananso zala. Dzanja lamanzere linkadzuka pang'ono pamapeto a mzere, n'kukumbukira, n'kubwerera.

Nkhani yake ndinaimva pambuyo pake kwa a Mvula. Kiyibodi yatsopano inayenera kuchokera ku Lusaka, ndipo thonje silikanadikira. A Daka anakabwereka yakale kwa mnzawo wa sitolo, imene inali itaponyedwa m'chipinda cha makatoni. Inali yachikasu ngati dzino la nkhalamba, yolemera, chingwe chake chopotana ngati cha telefoni, ndipo batani lililonse linali ndi kasipuling'i m'kati kolira ukadina. Akuti poiika patebulo anati, "Iyi, mayi, ngakhale muthirepo phala." A Daka ankaona ngati akuwapatsa amayi chilango. Amayi atadina batani loyamba n'kumva likuyankha, zala zinapeza njira yake. Masana amenewo a Daka anatseka chitseko cha ofesi yawo chifukwa cha phokoso, koma mapepala onse anatuluka opanda cholakwa. Kiyibodi yatsopano itafika amayi anapempha kuti ikhale kaye m'katoni. Sutikesi inabwerera pamwamba pa wadiropu, tiyi anayamba kuikidwa kumanja, ndipo ine sukulu yonse ndinamalizira muno m'Chipata, m'nyumba ya amayi.

Tsopano ndine mayi nanenso. Ndili ndi satifiketi ya zakompyuta, ndipo ndimagwira ntchito yolowetsa manambala pa ofesi ina, pa kontirakiti imene amaiwonjezera pang'onopang'ono. Tilimo angapo m'chipindamo koma mungayese mulibe munthu. Zonse n'zofewa, zonse n'zachete, ndipo timamva mphekesera kuti kukubwera pulogalamu yoti izichita yokha ntchito yathuyi. Ndimatopa, kutopa kumene sikutha ndi tulo. Mwana wanga Mphatso amatsala kunyumba ndi womulera, ndipo ndimaimba foni kangapo pa tsiku popanda chifukwa chenicheni. Ndinene zoona, bata ndimaliopa. Mwanayo akagona masana Loweruka ndimapita kukaika chala pamphuno pake. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti iyeyo adzandidziwira chiyani, poti ntchito yanga ilibe zenera, ilibe phokoso, ndipo kunyumba amangondiona ndikusisita galasi la foni.

Mlamu wanga Yohane amalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo posachedwapa anaitanitsa dala kiyibodi yaphokoso, ya mtundu womwe uja. Akuti anzake ambiri a ntchitoyo amazifuna zoterozo. Amuna anga amamuseka. "Anthu anavutika kuthetsa phokoso, iwe n'kukaliitanitsa kunja." Yohane amati chala chimafuna kumva kuti chilembo chalowa, maso asanaone. Onse amaseka. Ine sindiseka nawo.

Lamlungu lapitali tinapita kukamuona, ndipo Mphatso ankavuta, akulira kumsana. Ndinapempha kuti ndiyeseko kiyibodi ija. Ndinakhala pampando mwana ali kumsana komweko, n'kuyamba kutayipa mawu a nyimbo ya kutchalitchi, poti ndi amene anandibwerera. Kechekechekeche. Mphatso anasiya kulira. Ndinamva mutu wake ukutsamira pamsana panga, khutu pansi.

"Alamu, bwanji mukuimaima?" anafunsa Yohane. "Pali batani lolimba?"

Ndinali ndisanazindikire. Tayipi sindinaigwirepo chibadwire, ndinangoimvera pazenera.

"Ayi, palibe," ndinatero. "Ndikudikira belu."