Diso la Nsomba m'Sitolo ya Mphete

Mwana wanga wachisamba atapeza mbeta, anandiitanitsa ku Lusaka kuti tikasankhe mphete limodzi. Ine moyo wanga wonse ndathera padoko la ku Feira, pomwe Luangwa amathira mu Zambezi, kupikula nsomba kwa asodzi athu ndi a ku Zumbo omwe. Dayamondi ndinkangomumva dzina. Tsikulo ndinasamba kawiri, manja ndinawatsuka ndi ndimu, n'kuvala chitenge changa cha pa Khirisimasi.

Tili m'galimoto, iye maso ali pamsewu, anati, "Amai, tikafika muja osakamba za nsomba, pulizi."

Mtsikanayo anali wa m'banja la anthu ophunzira, ndipo abale ake ankagula m'sitolo yomwe tinkapitayo. Ndinangogwedeza mutu, koma mawuwo anandilasa mumtima. Chiwongolero chimene anagwiracho anafikapo chifukwa cha mamba amene ndinapala ine.

M'sitolomo munkazizira ngati m'mawa wa mu Juni. Dona wogulitsa anavala magolovesi oyera, n'kutiikira mphete ziwiri pakansalu kakuda. Ina inali ndi mwala wotambalala, ina wocheperako. Anafotokoza mosabisa kuti nkhani yagona pa kasemedwe: wotambalalawo anausema mosazama kuti uoneke waukulu, choncho kuwala kumadonthera pansi, pomwe winawo anausema mwa muyeso, kuwala kukalowa kumabwereranso m'maso. Mwana wanga ankamva ndi khutu limodzi. Mtima wake unali pa waukuluwo, woti azilamu akauone ali patali.

Kunena zoona, yonse iwiri inkaphethira mofanana. Nditakweza maso ndinaona timagetsi tambirimbiri taloza patebulopo, ndipo ndinaseka chamumtima. Nanenso kasitomala akamayandikira ndimawaza madzi pa nsomba zadzulo kuti zinyezimire. Si bodza ayi, ndi malonda. Koma wogula wanzeru sayang'ana mamba, amayang'ana diso.

Ndinapempha chilolezo, kenaka ndinatchinga magetsiwo ndi chikhatho changa chokakalachi. Mwana wanga anandiponda phazi pansi pa tebulo, ine osasuntha. Mumthunzimo mwala waukulu uja unazilala, pakati pake panaoneka kabwalo kotuwa, ndendende diso la nsomba ya pende yogonera. Waung'onowo unali maso gwa, ukuthethekabe.

"Uyu wafa kale," ndinatero. "Wamoyo ni uyu."

Mwana wanga anawerama n'kuyang'ana nthawi yaitali. Ndinafuna kumuuza kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma ndinaona kuti waona yekha, ndiye ndinameza.

Dona uja anadabwa. Anati anthu ambiri saona zimenezi mpaka awapatse kagalasi kokuza zinthu, ndipo anandifunsa ngati ndinagwirapo ntchito ya miyala.

Koma ndinali nditalonjeza zosakamba za nsomba. Ndinayang'ana manja anga ali pagalasi loyera la tebulolo, zipsera za minga ya nsomba zili mbee. Sindinachitepo nawo manyazi manja amenewa, koma tsiku limenelo ndinawabisa m'chitenge, ndipo ndinadzida chifukwa chowabisa. Donayo anadikirabe yankho.

"Amai anga agulisa nsomba ku Feira," anatero mwana wanga. "Ndiye zamene zinanipelekesa ku sukulu."

Anagula waung'onowo. Pobwerera sitinakambirane za nkhaniyi, ndipo mpaka lero sitinaikambepo. Ife sitidziwa kupepesana ndi pakamwa.

Mpongozi wanga akabwera kuno kutchuthi amakakamira kundithandiza kupala nsomba, ngakhale amapala ngati akuzipepesa. Asanagwire mpeni amavula mphete ija n'kundipatsa kuti ndimusungire. Ndimaimanga pamfundo ya chitenge, ndipo pobwerera ku Lusaka imapita ikununkha pende. Mwana wanga sananenepo kuti aitsuke.