Diresi la ku Joni losokedwa ku Ndirande

Ndinasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Ndirande kwa zaka zambiri. Makasitomala anga ambiri anali amayi, ndipo amayi a m'tauni telala wabwino amamubisa. Akamuulula, mnzawo wa kukwaya adzafika pa chinkhoswe atavala sitayilo yomweyo. Ine kubisidwako ndinkakutenga ngati ulemu.

Mafoni ojambula atachuluka, telala wina anatsegula shopu tsidya la msewu. Kasokedwe kake kanali kapakatikati, zipi ankaika mokhota. Koma kasitomala akayesa chovala, iye ankati, "Asisi, mukajambulitsa munditchule." Iwo ankaikadi zithunzi pa intaneti, pansi pake nambala yake. Sanalipire wailesi, ngakhale chikwangwani analibe. Anthu ankatsika minibasi kuchokera ku Bangwe ndi ku Machinjiri, foni m'manja, akuloza chithunzi cha mnzawo.

Kwa ine anthu anayamba kuchepa. Ndinaona kuti pakhondepo ndichokapo ndithu. Chiyembekezo changa chinatsala pa diresi la mayi wina wa ku Nancholi, kasitomala wakale, amene ankakwatitsa mwana wake. Ndinalisoka milungu iwiri, mikanda ndikuika pamanja.

Ukwati utatha, mkazi wanga anandionetsa foni. Diresi lija linali pamenepo, anthu akufunsa pansi pa chithunzi kuti anasoka ndani. Mayiyo anayankha kamodzi kokha: "Ndinaoda ku Joni."

"Bambo, lembani kuti ndinu," anatero mkazi wanga. "Kapena ndilembe ine?"

"Mukufuna tichititse manyazi kasitomala pagulu?"

"Nanga ulemu wanuwo tiuphika ndiwo? Anthu akufuna inuyo, inu muli duu!"

Ndinamuletsa. M'malo mwake ndinavala jekete, ndinapita ku Nancholi kukapempha mayiyo kuti anditchule. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, kenako anaseka.

"Atelala, ndikakutchulani ndiye kuti mpingo wonse uzivala ngati ine. Inu ndinu anga, basi."

Sindinalimbane nawo. Ndinathokoza tiyi, ndinabwerera.

Mayiyo anadzasoketsanso kawiri chaka chimenecho, ndipo kawiri konse ndinasoka mosamala monga kale. Mvula isanagwe ndinakweza makina pa wilibala kupita nawo kunyumba. Masiku ano ndimapinda mathalauza a pa kaunjika, akapezeka wobweretsa.