Penti wa pa Magudumu a Maboti

Padoko ankangomutchula kuti Wopenta. Zaka makumi awiri anapenta sitima zapamadzi, nthawi ija zinkayendera malasha ndipo utsi unkadetsa chilichonse sabata isanathe. Anzake ankamuseka kuti ukaima pafupi naye osagwedera, nawenso akupaka.

Lamulo la kapitawo linali limodzi: oyendera sitima akamabwera, chilichonse chiwale. Padokopo ntchito yabwino inali yooneka ndi maso basi, palibe ankafunsa ngati chowalacho chikuzungulirabe. Choncho chaka ndi chaka iye ankapaka penti woyera pa magudumu otsitsira maboti opulumukira a sitima yonyamula anthu, pamwamba pa girizi, pamwamba pa penti wa chaka chatha, mpaka mipata yonse inatsekeka bwinobwino.

Sitimayo inamira dzuwa lili paliwombo, namondwe ataigwetsera cham'mbali. Pa maboti anayi linatsika limodzi lokha, ndipo anthu oposa zana anatsala m'madzi. Woyang'anira mabotiwo anali mlamu wa Wopenta, mchimwene wa mkazi wake, yemwe anapulumuka atakakamira chitseko. Kupulumukako ndi kumene kunamupalira mlandu. Akuluakulu ofufuza za ngoziyo anati anathawa ntchito kuti adzipulumutse. Amayi oferedwa ankalavula malovu akamuona, ndipo za ndende zinali m'kamwam'kamwa.

Mlamuyo anadzakhala kunyumba kwa Wopenta, m'kachipinda kosungiramo zitini ndi maburashi, zikhatho zili zong'ambikang'ambika. Anafotokoza kamodzi kokha, atakhala pakhonde, kuti anakoka chingwe amuna atatu, iye n'kumenya gudumu ndi hamala, koma kunkangogwa tizibenthu toyera.

"Toyera bwanji, alamu?"

"Ngati makoko a mazira. Paja inu simusiya mpata."

Ananena mopanda mkwiyo. Kwa ofufuza sanatchule zimenezi, poti ana asanu a mlongo wake ankadyera burashi yomweyo. Wopenta anayesa kufunsa maganizo a mkazi wake. Mayiyo anapitiriza kusita yunifolomu ya mwana, n'kungoti, "Bambo a ana, musandisankhitse pakati pa inu ndi achimwene."

Masiku asanu ndi limodzi Wopenta anapitabe kuntchito, burashi ikumulemera ngati khasu. Tsiku lomaliza la kafukufuku anakwera sitima ina yomwe inali padoko, yomwenso ankaipenta yekha, n'kutema ndi mpeni chibenthu cha penti pa gudumu la boti. Chinali chochindikala ngati chala chachikulu. Analowa nacho m'holo ya kafukufukuyo atavala ovolosi, anachiika patebulo, n'kuwerengera akuluakuluwo mizere yake: khumi ndi umodzi, uliwonse dzanja lake. Kapitawo anati iye sanauzepo munthu kuti apente magudumu, ndipo zimenezo n'zimene zinalembedwa.

Mlandu unamuchoka mlamu. Anapita kukafuna ntchito kumtunda, kutali ndi madzi, ndipo potsanzika sanathe kumuyang'ana Wopenta kumaso. Wopenta anachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Zaka zake zotsala anapenta zitseko ndi mawindo a anthu a m'misewu yakutali, kumene sankamudziwa, mwana wamkulu atasiya sukulu.

Amayi oferedwa aja anaidziwa njira ya kunyumba kwake. Ankabwera awiriawiri, n'kungoima pageti. Iye ankawatulutsira mipando, koma palibe anakhalapo.