Malo Anga a ku Yunivesite Ndinawataya Chifukwa cha Ramiro

Anzanga, Ramiro ndinakumana naye pa mtembo wa kamwana ka nkhumba.

Musaseke. Munali mu labu ya bayoloji, chaka changa choyamba pa koleji yaing'ono ya kwathu, kufupi ndi mzinda wa Fresno. Aphunzitsi anatiika awiriawiri, n'kutipatsa kampeni ndi kankhumba konunkha mankhwala kuti tikang'ambe. Ine ndinangogwira kampeniko, osayerekeza kukhudza kankhumbako. Mnyamata amene anandiika nayeyo anandiyang'ana kwakanthawi.

"Itzel, kankhumbaka kanafa kale. Sikakakusumira."

Ndinaseka mpaka aphunzitsi anatembenuka.

Kuyambira pamenepo tinkawerengera limodzi. Ankandifunsa mayina a mafupa atandigwira dzanja, chala ndi chala... Loweruka ankabwera kwathu, mayi anga n'kumudzazira ma tamale, mikate yathu ya chimanga, m'mbale ngati mkamwini wakale. Tinapangana chinthu chimodzi: zaka ziwiri pakolejipa, kenako tonse tisamukire ku yunivesite. Ine ndinkafuna kuphunzira za zamoyo zam'nyanja. Iye ankati adzakhala dokotala wa mano.

Chaka chachiwiri makalasi athu anasiyana. Komabe m'mawa uliwonse ankadzanditenga pa galimoto yake. Tikafika, ine ndinkalowera kumanja, iye kumanzere, chikwama chili kumsana.

Ndiye ndinayamba kuona tinthu.

Munthu wochokera mu labu amadziwika, anzanga. Manja amanunkha magulovu, malaya amanunkha mankhwala. Koma Ramiro ankabwera kudzanditenga akununkhira sopo, tsitsi lili lonyowa. Wasamba kuti masana ano? Ndikamufunsa za mayeso ankangoti ayenda bwino, n'kukweza wailesi. Nthawi ya nkhomaliro foni yake sinkayankhidwa.

Ndipo panali dzina limodzi lomwe linkangowala pa foniyo. Bernadette. Likangowala, mwamuna ankatuluka panja.

"Bernadette ndi ndani?"

"Wa m'gulu lathu lowerenga, babe. Chemistry imamuvuta."

"Imamuvuta mpaka Lamlungu m'mamawa?"

Anaseka n'kunena kuti nsanje siimandikhala.

Mnzanga Gurleen, amene ndinkakhala naye benchi imodzi m'kalasi, sanazungulire. Anati mwamuna akayamba kusamba kawiri pa tsiku ndiye kuti alipo amene akumudetsa. Ndinayamba kufufuza m'galimoto muja, tsitsi lalitali, ndolo, kaya chiyani. Sindinapeze kanthu, ndipo kusapezako n'kumene kunandisowetsa mtendere kwambiri.

Mu Epulo yunivesite ina ya m'mphepete mwa nyanja, kutali kummwera, inandilandira. Mayi analira. Bambo anayimbira foni abale onse, ngakhale amene sankalankhulana nawo.

Koma Ramiro anati iye watsala ndi makalasi awiri, sangasamuke chaka chimenecho. Anandipempha kuti ndimudikire chaka chimodzi chokha kuti tidzapitire limodzi.

Mumtima ndinati ndikangochoka, Bernadette alowa ngati m'nyumba yopanda chitseko.

Tsiku lomaliza lovomera malo aja linadutsa ine ndili phee. Bambo atamva sanandikalipire. Anangotuluka kukathirira tsabola wawo, ndipo kwa masiku angapo sankandiyang'ana kumaso.

Tchuthi chitayamba ndinapeza kaganyu kotsuka mabotolo mu labu. Ramiro anati nayenso walembetsa kalasi ya patchuthi, ndiye ankandinyamulabe. Foni ija inkaliranso chimodzimodzi. Ndinauza Gurleen kuti ndatopa, ndikufuna ndimuone nkhope mkaziyo.

M'mawa wina atandisiya, ndinathamangira m'galimoto ya Gurleen. Tinamuona akulowera kumanzere monga mwa masiku onse. Anazungulira nyumba ya sayansi, osalowa, n'kubwereranso ku galimoto yake.

Tinamutsatira. Anatuluka m'tauni, kudutsa minda, mpaka pa fakitale yolongedza mtedza wa almond. Anavula malaya abwino aja pamalo oimika magalimoto, n'kuvala ovololo. Pakhomo panaima mayi wina wa imvi, wovala chipewa cholimba, akumulozera wotchi.

Ndinafunsa mlonda kuti mayiwo ndi ndani.

"Amenewo? Ndi a Bernadette, akapitawo athu."

Anzanga, mkazi amene ndinkamuopa uja anali bwana wake wa kuntchito.

Ndinamudikira pageti mpaka anaweruka. Atandiona anaima, asanakasambe n'komwe, fumbi lili mbuu m'nsidze. Sanakane chilichonse. Anati chemistry anailephera kawiri, ndipo sukulu anaisiya mu Seputembala. Kusamba kuja ankasambira pafakitale pompo kuti ndisaone fumbi. Anayesa kumwetulira.

"Waona? Palibe mkazi. Sindinakuchite chinyengo."

"Ramiro, ukanandiuza kuti walephera ndikanakhala nawe pansi, tikanawerenga. Koma unandionerera ndikutaya malo anga ukudziwa kuti palibe yunivesite imene ukupita."

Anayang'ana nsapato zake.

"Ukanapita kumene kuja sukanabwereranso kwa munthu wosenza matumba."

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa. Sanali manyazi okha. Ankadziwa bwinobwino chimene ankachita, ndipo nsanje yanga inamuthandiza ntchito.

Ndinabwerera ndi Gurleen. Ramiro anayimba foni, anabwera kwathu atanyamula maluwa, mayi anamubweza pakhomo mwaulemu.

Gurleen anasamukira ku yunivesite yake mu Ogasiti. Ine ndidakali pano, ndikutsuka mabotolo a ana achaka choyamba, kudikira Novembala kuti ndipemphenso malo. Palibe amene wandilonjeza kuti adzanditenganso.

Ndinataya miyezi ndikusaka mkazi yemwe kunalibe, bodza lenileni likundiyendetsa pa galimoto m'mawa uliwonse. Anzanga, munthu akhoza kukubisira kugwa kwake, zimenezo n'zokhululukika. Koma amene akuona ukudzithyola mwendo kuti iye asatsale yekha, n'kukhala chete... ameneyo sakukukonda. Akungoopa kutsala.