Mulu wa Kuseri kwa Shedi ya a Tolsma

Bambo Egbert Tolsma anayendetsa basi ya pakati pa matauni a Sneek ndi Bolsward kwa zaka makumi atatu ndi zisanu. Za kudimba analibe nazo gawo. Kadimba ka kuseri kwa nyumba kanali ka akazi awo, a Sietske, mayi wofatsa yemwe ngakhale kutsegula zenera ankayamba wafunsa kaye. Lachinayi lililonse mayiwa ankakwera njinga n'kunena kuti, "Ndapita kumaluwa." Bambowo ankangoti, "Muyende bwino," maso ali pa nyuzipepala.

A Sietske anamwalira m'nyengo yachisanu. Kutayamba kufunda, a Tolsma anabzala letesi poopa kuti dimba lingaoneke lamasiye. Nkhono zinamudya yense m'masiku atatu. Mnansi wawo anawauza kuti akafunse ku dimba lachitsanzo la kuseri kwa bwalo la mpira, lomwe amalisamala ndi anthu ongodzipereka.

Anapita Loweruka m'mawa. Atalowa pageti anaima, n'kubwerera kukawerenganso chikwangwani. Malo ake anali omwewo. Koma udzu unali wofika m'mawondo, nthambi zouma zitaunjikidwa ngati mpanda, kabichi ali pakati pa maluwa, ndipo panalibe mzere ndi umodzi womwe wowongoka.

"Takulandirani, bambo!" anatero mayi wina wojintcha, manja ali matope okhaokha. "Ndine Hiltje. Vuto n'chiyani? Kuno munthu sabwera wopanda vuto."

"Nkhono. Ndimafuna mankhwala ake."

"Kuno sitipha."

"Ndiye mumatani nazo?"

"Timaitana achule."

A Tolsma anadikira kuti mayiyo aseke, koma sanaseke. Mayiyo anawalozera beseni lakale lokwiriridwa pansi, lodzaza madzi obiriwira.

"Asakunamizeni ameneyo," anatero mdala wina wowonda yemwe ankakankha wilibala. "Thirani mowa m'kapu, mukwirire kapuyo m'nthaka. Zimagweramo zokha."

"Iwe Douwe, mowawo umayamba wamwa ndiwe. Nkhono zimangopeza fungo."

"Nanga kulima?" anafunsa a Tolsma. "Ndigaule mozama bwanji?"

"Osagaula!" anayankha onse awiri pamodzi.

Dimba losalima, nkhono zosapha, udzu wosazula. A Tolsma anaganiza zothokoza n'kumapita, koma a Hiltje anawakokera m'kanyumba kosungira zida kuti amwe khofi ndi kulemba dzina m'buku la alendo. Mayiyo atawerenga dzinalo anaika kapu pansi.

"Tolsma? Ndinu amuna a Sietske? Douwe! Itana anthu! Amuna a Kapitawo abwera!"

"Kapitawo uti?"

"Akazi anu, bambo. Kodi kwanu simunkawatchula choncho?"

Anthu asanu ndi mmodzi anadzazana m'kanyumbako, aliyense ndi nkhani yake. Akuti a Sietske ndiwo ankagawa ntchito, ndipo wochedwa ankamva mawu awo akadali pageti. Akuti ankaimba mokweza pothirira nyemba. Akuti tsiku lina kunabwera munthu wodzayeza malowo kuti pakhale poimika magalimoto, ndipo mayiwa anamuyendetsa dimba lonse kwa maola awiri mpaka anachoka atanyamula thumba la anyezi, osabweranso.

"Pepani," anatero a Tolsma, "mwina mukunena Sietske wina. Wanga sankaimba."

A Douwe anachotsa chithunzi pakhoma n'kuwapatsa. Anali akazi awo ndithu, ataimirira pamwamba pa bokosi, atavala chipewa chofiira chomwe bambowo anali asanachionepo, akuseka kukamwa kuli yasa. A Tolsma anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachitembenuza ngati kuseri kwake kulembedwa yankho.

"Pamaliro tinalipo," anatero a Hiltje motsitsa mawu, "koma tinakhala kumbuyo. Za inu ankatiuza kawirikawiri. Amati m'tauni muno mulibe wodziwa kupanga manyowa kuposa amuna awo."

"Ine?"

"Musadzichepetse. Ankatibweretsera m'ndowa, akuda bii, onunkhira ngati nkhalango. Loweruka likubwerali tili ndi phunziro la manyowa, ndipo mphunzitsi wake anali iwowo. Mubwere inuyo."

A Tolsma anatsegula pakamwa kuti akane, koma wina anali atalemba kale dzina lawo pa bolodi.

Atafika kunyumba anapita kuseri kwa shedi. Kumeneko kunali mulu womwe kwa zaka zambiri ankatayako masamba, makoko a mbatata, zotsalira za khofi ndi makatoni onyowa, chifukwa choti ankaiwala tsiku lotulutsa bini ya zinyalala. Ankayesa kuti ndi chinsinsi chawo chochititsa manyazi. Anapisa fosholo cham'munsi. Munatuluka dothi lakuda lofewa, nyongolotsi zili piringupiringu. Chakumbali kunali dzenje losalala pomwe munthu ankatapapo kawirikawiri.

Anaimbira foni mwana wawo wamkazi, Femke, yemwe amakhala ku Groningen.

"Kodi iwe, amayi ako ankaimba?"

"Adadi, funso lanji limenelo? Ankaimba tsiku lililonse."

"Liti?"

"Inu mukapita kuntchito. Mukabwera mumakhala mutatopa ndi phokoso la m'basi, ndiye ankati tikupatseni mtendere."

"Ndinapempha zimenezo ine?"

"Kaya, adadi. Mwina kamodzi, kalekale."

Sabata yonse anayesa kukumbukira tsiku limenelo, koma silinabwere. Sanadziwe ngati akwiyire akazi awowo, adzikwiyire okha, kapena anyadire.

Loweruka anavala jekete la kutchalitchi n'kupita ndi ndowa ya manyowa. Anapeza anthu khumi ndi awiri akudikira, ena ndi timabuku m'manja.

"Ine sindidziwa kanthu," anayamba motero. "Ndimangotaya."

Anthu analemba.

"Mumatembenuza kangati pa mwezi?" anafunsa mayi wina wobereka mwana pachifuwa.

"Sindinatembenuzepo."

"Mwamva?" anakuwa a Hiltje, akuloza a Douwe. "Zaka zisanu ndikukuuza kuti uleke kuusokoneza mulu wathu uja!"

"Nanga amapsa pakatha miyezi ingati?"

"Sindikudziwa, mayi. Sindinkayang'anako."

Izinso anthu analemba. Pomaliza anawaombera m'manja, ndipo mwamuna wina anapempha kuti adzaone mulu wa kunyumba kwa a Tolsma ndi maso ake.

Kuyambira pamenepo a Tolsma anapatsidwa ngodya ya manyowa, pafupi ndi ngalande. Amabwera kawiri pa sabata, amakhala pa mpando wopinda, ndipo alendo akawafunsa amayankha zomwe akudziwa, zomwe sizichuluka. A Douwe amabwerabe mozemba ndi foloko yawo ya kudimba kuti atembenuze mulu. A Tolsma amangowayang'ana, chifukwa mpaka lero sakudziwa ngati kutero n'kulakwa kapena ayi.